Nyimbo Zimene Zinkakweza Matanga a Zombo

[Pazenera: chombo cha milongoti itatu chili pakati pa nyanja, matanga ali opinda]

Moni nonse. Tayang'anani chombo ichi. Chilibe injini, chimayenda ndi mphepo basi. Koma mphepoyo singachikankhe ngati nsalu zikuluzikulu izi, matanga, sizinatambasulidwe. Onani mtanda wopingasa pa mlongoti apo, pamene thanga lamangiriridwa. Pa zombo zikuluzikulu zachitsulo, mtanda umodzi wotere pamodzi ndi thanga lake unkalemera kuposa tani imodzi, ndipo mvula ikanyowetsa nsaluyo, kulemerako kunkanyanyira. Mtandawo unkayenera kukwera m'mwamba ndi chingwe, chokokedwa ndi manja a amuna mwina khumi okha, ataponda pa matabwa oterera, chombo chikupendekera uku ndi uku.

Amuna amenewa ankaukweza akuimba. Nyimbo zake zimatchedwa shanty, ndipo lero tikamba makamaka za mtundu umodzi, wa pa chingwe chokwezera thanga. Chingwecho amalinyero ankachitcha halyard.

[Pazenera: chojambula cha anthu atandandalika pa chingwe]

Tiyambe ndi chingwe chenichenicho. Chimatsika kuchokera kumwamba kwa mlongoti, kudutsa m'timawilo tochepetsa kulemera, n'kufika pansi. Pamenepo chimakhota pa kawilo kena n'kuyalidwa m'litali mwa chombo. Amuna awiri kapena atatu amphamvu ankaima kutsogolo, pamene chingwe chikutsikira, manja ali m'mwamba. Otsalawo ankandandalika kumbuyo kwawo.

Vuto lagona apa. Anthu khumi akamakoka aliyense pa nthawi yake, mtandawo sumva n'komwe. Wina akukoka, wina akusintha pogwira, wina akupuma, ndipo mphamvu imene ikufika kumwamba ndi ya anthu atatu kapena anayi. Katundu wolemera amasuntha pokhapokha mphamvu zonse zitagwera pa kamphindi kamodzi. Aliyense amene anakokako khoka m'mbali mwa nyanja, kapena kusinja awiriawiri pa mtondo umodzi, zimenezi amazidziwa m'mapewa mwake: mukasemphana, misi imawombana.

Ndiye nyimbo ya pa halyard inaumbidwa molingana ndi ntchitoyo. Woyambitsa nyimbo, shantyman, ankaimba mzere umodzi yekha. Nthawi imeneyo anzake sakukoka, akupuma ndi kugwiranso chingwe patsogolo. Kenako gulu lonse limavomera, ndipo m'mawu ovomerawo muli mawu awiri olemera. Pa liwu loyamba, onse amadzigwetsera kumbuyo ndi thupi lonse. Pa lachiwiri, chimodzimodzi. Woyambitsa n'kuimbanso mzere wina, iwo n'kupumanso. Kupuma, kukoka kawiri, kupuma, kukoka kawiri. Mukamvera nyimbo ngati Blow the Man Down kapena Reuben Ranzo, muziwerenga ndi zala, mupeza ndendende zimenezi.

Chimene chimandisangalatsa kwambiri n'chakuti nyimboyi inalibe mathero ake. Inkatha pamene ntchito yathera. Wachiwiri kwa kaputeni ankaima akuyang'ana kumwamba, ndipo akaona kuti thanga lakungika bwino ankakuwa kuti «Belay!», kutanthauza kuti mangani chingwe. Nyimbo inkadukira pomwepo, ngakhale pakati pa nkhani. Choncho woyambitsa wabwino ankayenera kukhala ndi mutu wothamanga. Ngati mtanda uli wolemera ndipo mizere yodziwika yamuthera, ankapeka ina pomwepo: za nyama yamchere yowola, za ophika, za akazi a ku doko la Liverpool, za bwana wankhanza. Zambiri zinali zolaula moti amene anadzazilemba m'mabuku anazisintha kapena kuzisiya. Ankayeneranso kuona nkhope za anzake. Anthu akatopa, amachedwetsa nyimbo n'kutalikitsa mzere wake kuti apumeko. Thanga likakhala laling'ono, ngati akumwamba kwenikweni aja, amasankha nyimbo yothamanga. Uwu unali ukatswiri weniweni, ndipo amalinyero ankanena kuti nyimbo yabwino imafanana ndi kuwonjezera amuna khumi pa chingwe.

Panali mitundu inanso, tingoidutsa mwachidule. Ya kukoka kamodzi kokha mwamphamvu, pomangitsa chingwe chomwe chakungika kale. Ya poyenda mozungulira chipangizo chokwezera nangula, yomwe inali yaitali ndi yokoma m'makutu popeza anthu ankangoguba. Ndi ya pa mpope wotulutsira madzi m'chombo.

[Pazenera: HMS Victory mbali imodzi, Cutty Sark mbali inayo]

Tsopano, n'chifukwa chiyani nyimbo zimenezi zinaphuka kwambiri m'zaka za m'ma 1800, pomwe anthu anakhala akuyenda ndi matanga kuyambira kalekale? Yerekezani zombo ziwiri izi. HMS Victory, chombo chankhondo cha Britain, chinali ndi anthu oposa 800 pa nkhondo ya Trafalgar mu 1805. Anthu ochuluka chonchi akhoza kungogwira chingwe n'kuyenda nacho. Komanso m'zombo zankhondo kuimba pa ntchito sikunkaloledwa, poopa kuti malamulo sangamveke. Kumeneko kunkalira wezulo, chitoliro kapena zeze wachizungu. Cutty Sark, chombo chamalonda chimene chinamangidwa mu 1869 ndipo lero chili ku Greenwich mu London, chinali ndi matanga okwana masikweya mita pafupifupi 3,000, koma ogwira ntchito ake kawirikawiri sankafika 30.

Kuchepa kwa anthu kumeneku kunali dala. Wamalinyero aliyense ndi malipiro ndi chakudya, ndipo eni zombo ankafuna phindu. Mu 1818 kampani ya Black Ball Line inayamba kuyendetsa zombo pakati pa New York ndi Liverpool pa masiku oikika, kaya chadzaza kaya sichinadzaze, kaya kuli namondwe. Mpikisano wa liwiro unakula, matanga anakula, koma manja sanachuluke. Nyimbo ndi imene inatseka mpatawo. Tisamaione ngati zosangalatsa za anthu okhuta. Oimbawo anali anthu ogona m'zovala zonyowa, ong'ambika zikhato ndi mchere, ndipo ena ankamenyedwa ndi akuluakulu awo.

Nanga kaimbidwe ka woyambitsa ndi ovomera kanachokera kuti? Mitsinje yake ndi yambiri. Muli nyimbo za ku Ireland ndi ku England, muli za m'mabwalo a zisudzo a ku America. Koma mtsinje waukulu umene anthu ambiri sautchula ndi wa anthu akuda a ku America ndi ku zilumba za Caribbean, ana ndi zidzukulu za Aafirika amene anatengedwa ukapolo. Iwo ankaimba popalasa mabwato, popakira katundu m'madoko, ndi posonkhezera moto m'masitima a pa mtsinje wa Mississippi. M'madoko a thonje ngati Mobile ndi New Orleans, mabelo ankapanikizidwa m'mimba mwa chombo ndi zitsulo zopota, ntchito yofuna kuti gulu lonse likankhe pamodzi, ndipo inkachitika ndi nyimbo. Amalinyero achizungu othawa kuzizira kwa nyanja ya Atlantic ankapita kukagwira ganyu yemweyo, n'kubwerera m'zombo nyimbozo zili pakamwa. Pamwamba pa apo, amalinyero akuda analipo ambiri m'zombomo, ndipo ena mwa oyambitsa nyimbo otamandika anali a ku Caribbean. Ndiye ngati mukumva nyimbozi n'kumaona ngati kapolokozedwe kake si kachilendo m'khutu lanu, khutu lanu silikukunamizani.

[Pazenera: sitima yanthunzi ikufuka utsi]

Chinazipha ndi nthunzi. Ngalande ya Suez itatsegulidwa mu 1869, njira yopita ku India ndi ku China inafupika, koma inkakomera masitima a injini. Zombo za matanga zinatsala ndi katundu wotchipa wa maulendo ataliatali, monga tirigu ndi ubweya wa ku Australia. Ngakhale m'zombo zotsalazo munalowa timainjini tokokera zingwe. Popanda chokoka, nyimbo inasowa ntchito.

Tikuzidziwa lero chifukwa cha anthu ochepa amene anathamangira nkhalamba zisanamwalire. Cecil Sharp, wosonkhanitsa nyimbo zamakolo wa ku England, analemba nyimbo zambiri mu 1914 kuchokera kwa John Short, wamalinyero wokalamba wa ku Watchet ku Somerset. Stan Hugill, amene anabadwa mu 1906, anali woyambitsa nyimbo m'chombo cha Garthpool, chimene chinasweka ku zilumba za Cape Verde mu 1929, ndipo mu 1961 anatulutsa buku lake lalikulu, Shanties from the Seven Seas.

Mwina ena mwa inu munadziwa mawu oti shanty mu 2021, pamene Nathan Evans wa ku Scotland, amene panthawiyo anali wogawa makalata, anatchuka pa TikTok ndi nyimbo ya Wellerman. Ndi nyimbo yabwino, ndipo inabweza anthu ambiri ku nkhani imeneyi. Koma yesani kukoka nayo chingwe cha halyard, muvutika, chifukwa ilibe malo opumira ndi okokera. Ndi nyimbo yofotokoza nkhani ya osaka anamgumi a ku New Zealand.

Mukafuna kumva zenizeni, fufuzani mawu amene James Madison Carpenter, wofufuza nyimbo zamakolo wa ku America, anajambula m'madoko a Britain chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920 ndi kuchiyambi kwa m'ma 1930, omwe akusungidwa ku nyumba yosungira mabuku ya Library of Congress ku Washington. Makina ake anali akale, ndiye phokoso ndi lambiri. Mumva nkhalamba ikuimba yokha, kudziyambitsira ndi kudzivomera. Tcherani khutu pa mzere wovomera, pamene mawu ake akulemera kawiri. Pamenepo ndi pamene amuna khumi aja ankadzigwetsera kumbuyo.