Kangaude, buluzi ndi nkhono: mmene mungaphunzitsire mwana kupirira

Moni nonse amene mukumvetsera, makolo, agogo ndi aphunzitsi a ana. Lero tikambirane mmene nyama zingatithandizire kuphunzitsa mwana kuti akagwa azidzuka. Mwana mukamuuza kuti "limba mtima", mawuwo amalowera khutu ili n'kutulukira linalo, chifukwa kulimba mtima sakuona ndi maso. Koma kangaude amamuona.

Musayambe ndi nyama ayi. Yambani ndi mwana. Muonetsetseni kwa masiku angapo, mupeze chimene chikumuvuta, chimodzi chokha. Kodi akalephera kamodzi amataya pensulo n'kulira? Kodi wataya chinthu chimene ankachikonda? Kapena ndi wopupuluma, sadikira? Mukachidziwa chimenecho m'pamene musankhe nyama. Ambirife timathamangira mkango, pamene mwana wa zaka 4 mkangowo amangouona pa chithunzi. Tengani kanyama kamene angakapeze yekha pakhoma kapena pa udzu.

Tiyambe ndi mwana wosiya zinthu panjira. Uyu m'patseni kangaude, makamaka uja woluka ukonde wozungulira. Pitani naye m'mawa akauone ukondewo, awerenge ulusi umene ukuchokera pakati. Musaupasule dala, ndipo mwana asamugwire kangaudeyo. Mphepo ndi tizilombo zidzaung'amba zokha. Ukang'ambika, bwereraninso m'mawa mwake. Akangaude ambiri a mtundu umenewu amaluka ukonde watsopano pafupifupi tsiku lililonse, ndipo ntchitoyo imawatengera ngati ola limodzi. Komanso mvetserani ichi: ukonde wakalewo amaudya, thupi lawo n'kuugwiritsanso ntchito popanga ulusi wina. Ndiye mwana amene walakwitsa samu mumufunse kuti, "Kangaude uja ukonde wong'ambika anautani?" Ayankhe yekha. Kenako mutsegule kope, muone limodzi pamene panalakwika, osang'amba pepalalo.

Mwana amene wataya kanthu, kapena wasamuka n'kusiya anzake, amuyenera buluzi. Abuluzi ambiri, ndi nalimata yemwe, akagwidwa mchira amaudula okha. Mchirawo umatsala ukuphiriphitha, mdani n'kutanganidwa nawo, mwiniwake wapita. Umameranso patapita masabata angapo, nthawi zina miyezi. Koma apa nenani zoona zonse: mchira watsopanowo sufanana ndi woyamba. Mkati mwake mulibe mafupa, muli chicherewecherewe, ndipo kawirikawiri mtundu wake umasiyana ndi thupi lonse. Mbali imeneyi ndi imene imathandiza kwambiri, chifukwa mwana amadziwa yekha kuti anzake atsopano sadzakhala ngati akale aja. Mukamunamiza kuti zonse zidzabwerera mwakale, adzakugwirani bodza. Chenjezo: fanizo la buluzi musaligwiritse ntchito pa maliro. Mwana wamng'ono amamva zinthu mmene zanenedwera, ndiye akhoza kuyamba kudikira kuti womwalirayo abweranso.

Wopupuluma uja, akuluakulu anatipatsa kale mankhwala ake: kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwambiwu musangounena, uchiteni. Pezani nkhono mvula itagwa, muikhudze pang'ono ndi kaudzu. Tinyanga take tibwerera mkati. Ndiye khalani chete, muziwerenga chapansipansi mpaka titatulukanso. Maso ali kunsonga kwa tinyanga tiwiri tatitali ta pamwambato, timadontho takuda. Mwana akagwedeza kapena kukuwa, kuwerenga kumayambiranso pa 1. Mukatha, asambe m'manja ndi sopo.

Tsopano kaumbidwe ka nthano ya nyama imene mwasankhayo, yoti mumusimbire mwana. Mwana wa zaka 3 mpaka 5, mphindi 5 zakwana, nyama imodzi, ndi mawu kapena kanyimbo kobwerezabwereza. Wa zaka 6 mpaka 9 angathe kumvetsera mphindi 10 kapena 15, nyama ziwiri kapena zitatu. Wa zaka 10 kupita m'tsogolo m'patseni chiyambi chokha, mathero apeke yekha, ndipo mumvetsere bwino, poti zimene wasankhira nyamayo nthawi zambiri ndi zimene zili mumtima mwake.

Nyama ya m'nthano yanu ilephere katatu isanapambane. Ikapambana ulendo woyamba, mwana saphunzirapo kanthu. Kulephera kulikonse kukhale ndi chifukwa chake chooneka, ndipo ulendo wotsatira nyamayo isinthe kachitidwe, isangobwereza zomwezo mouma mutu. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha, inde, koma mumuonetse akupuma, akusochera, akufunsa njira. Ndipo penapake pakhale wina woithandiza. Ikalephera kachiwiri, imani. Funsani kuti, "Ukanakhala iwe ukanatani?" Dikirani yankho, ngakhale litachedwa. Pomaliza musanene kuti "phunziro lake ndi lakuti". Apa m'pamene akuluakulu ambiri timaonongera, timasandutsa nthano kukhala ulaliki, mwana n'kutseka makutu. Ingofunsani kuti chamusangalatsa n'chiyani, basi.

Nthano yomweyo muibwereze masiku atatu kapena anayi pa sabata, mawu ake osasintha kwambiri. Inu mutopa nayo, iye ayi. Kenako mutengemo mawu awiri kapena atatu okumbutsirana, monga "ukonde wina" kapena "maso a nkhono". Tsiku lina chingwe cha nsapato chikamukanika kumanga, mungonena motsitsa kuti "ukonde wina", osawonjezera.

Zimene zimalakwika tsopano. Choyamba ndi nthawi. Mwana akulira, mtima uli m'mwamba, nthano siilowa. Mutontholetseni kaye, nthano ibwere madzulo kapena mawa. Ndipo ngati walakwa masana, inu usiku n'kupeka nthano ya fisi wochita zomwezo ndendende, amadziwa kuti mukumunena, ndiye amamva manyazi m'malo moganiza.

Chachiwiri, musamutche mwana dzina la nyama pomudzudzula. "Ndiwe fisi iwe", "kamba wochedwa iwe". Dzina limakakamira, abale ake amalitola, mwana n'kuyamba kukhulupirira kuti ndi mmene alili. Nyama ikhale kunja kwa mwana, aziyang'ana pa iyo, osati kuivala.

Chachitatu ndi kalulu. Ana amamukonda kwambiri, koma tamuonani bwino: nthawi zambiri amapambana ponamiza anzake. Sindikuti mumutaye. Nzeru zake zopulumukira kwa wamphamvu n'zofunika kwa mwana wamng'ono thupi. Koma mukatha, funsani kuti wonamizidwa uja anamva bwanji, nanga mawa adzamukhulupiriranso kalulu?

Chachinayi, mabodza onena za nyama. Pali nkhani imene imayenda kwambiri pa intaneti yoti chiwombankhanga chikafika zaka 40 chimathyola mlomo wake pathanthwe n'kuzula nthenga kuti chikhalenso chatsopano. Si zoona, mbalame yotero ingafe ndi njala. Nthiwatiwa nayonso siikwirira mutu mumchenga. Imaweramira pansi potembenuza mazira ake. Nyama yolankhula m'nthano, mwana amadziwa kuti n'zopeka, palibe vuto. Koma mukati "zimachitikadi", zikhale zochitikadi, chifukwa akadzazindikira kusukulu kuti munamunamiza, adzataya ndi phunziro lomwe.

Nditsirize ndi kamba, poti apa pamafunika kusamala kuposa pena paliponse. Chigoba cha kamba ndi fupa, cholumikizana ndi nthiti ndi msana wake, sangachivule. Akaopsezedwa amalowa mkati, zoopsa zikapita amatulutsa mutu n'kupitiriza ulendo. Fanizoli ndi labwino kwa mwana wa mkwiyo: ima, lowetsa manja, puma mpweya katatu, kenako tuluka unene chimene chakukhumudwitsa. Koma gawo lotulukalo musalisiye. Mwana akangophunzira kulowa m'chigoba, adzayesa kuti kupirira n'kukhala chete, ndipo wina akamamumenya kapena kumugwira mosayenera sadzanena. Choncho nthano ya kamba iziyendera limodzi ndi ya mbewa ya manyazi imene inafera kuuna. Mukatha kuifotokoza, mwana atchule mayina a akuluakulu atatu amene angawauze zinthu zikavuta, awawerenge pa zala zake. Mmodzi mwa atatuwo akhale wosagona m'nyumba mwanumo, ndipo patapita mwezi mumufunsenso ngati akuwakumbukira.