Grenfell Tower: Moto Woyambira Pafiriji Unapha Bwanji Anthu 72?

(Chithunzi: nyumba yaitali yakuda bii, utsi ukufukabe kutacha)

Inali 12:54 usiku, pa 14 June 2017. Bambo wina wokhala m'nyumba nambala 16, pansanjika yachinayi ya Grenfell Tower mumzinda wa London, anadzidzimuka ndi kulira kwa alamu ya utsi. Atasuzumira kukhitchini anaona utsi ukutuluka pafupi ndi firiji. Anaimba 999, nambala ya foni yoitanira thandizo pangozi, anadzutsa amene ankakhala nawo, anagogoda pazitseko za aneba, anathimitsa magetsi a m'nyumba mwake, n'kutuluka. Palibe chimene analakwitsa, ndipo kafukufuku wa boma anadzanena zomwezo.

Ozimitsa moto nawo sanachedwe. Pa 12:59 galimoto zoyamba zinali zitafika, ndipo cha m'ma 1:20 moto wa m'khitchini muja anali atauzimitsa. Nkhani ikanathera pomwepo: khitchini imodzi yapsa, firiji yatha, mawa kukambirana ndi a inshuwaransi.

Koma anzawo amene anatsala pansi, atakweza maso, anaona zina. Moto unali utatulukira kale pawindo, ndipo unkakwera khoma lakunja. Pomafika 1:27 unali pamwamba penipeni pa nyumba ya nsanjika 24. Anthu 72 anamwalira, 18 mwa iwo ana.

Funso la muvidiyo ino ndi limodzi: khoma la konkire limayaka bwanji?

(Chithunzi: Grenfell Tower isanakonzedwe, makoma a konkire yotuwa)

Tiyambe ndi nyumbayo. Inamalizidwa mu 1974, kudera la North Kensington, ndipo inali ya khonsolo ya Kensington and Chelsea. Khonsolo imeneyi ndi imodzi mwa zolemera kwambiri ku Britain, koma okhala mu Grenfell sanali mabwana. Anali anthu ogwira ntchito wamba, ana asukulu, agogo opuma pantchito, ndiponso mabanja ochokera ku Morocco, Eritrea, Ethiopia, Sudan, Syria, Philippines ndi kwina. Munali nyumba 129, koma masitepe otsikira anali amodzi okha, pakati.

Mwina mukufunsa kale: nyumba yonseyo, njira imodzi? Omanga a nthawi imeneyo anali ndi yankho lawo. Nyumba ya banja lililonse ankaimanga ngati bokosi la konkire lokhala ndi chitseko cholimba kumoto. Moto ukabuka m'bokosi limodzi, uzikhala momwemo kwa nthawi yokwanira kuti ozimitsa afike n'kuthana nawo. Enanu musathamange, musadzaze masitepe, tsekani chitseko mukhale phee. Lamulo limeneli amalitcha stay put, ndipo lisamveke ngati lopusa ayi. Kwa zaka zambiri lakhala likugwira ntchito, chifukwa munthu wotuluka n'kulowa mu utsi amakhala pangozi kuposa wokhala m'chipinda chimene moto sungafike.

Koma lamuloli limadalira chinthu chimodzi basi: bokosi lija lisabooke. Mu 2015 ndi 2016 anthu anabwera kudzakonza nyumbayo, ndipo analiboola osadziwa, ena akudziwa.

(Chithunzi: chojambula chosonyeza khoma litadulidwa pakati)

Cholinga chinali chabwino ndithu, choti m'nyumba muzifunda nyengo yozizira komanso kuti kunja kuoneke kwatsopano. Choncho anaiveka nyumba yonse chovala chimene amachitcha cladding. Taonani mmene anachisanjira. Pakhoma la konkire anamatapo thovu louma lotsekereza kuzizira, lambiri la kampani ya Celotex, lina lochepa la Kingspan. Kenako anasiya mpata woti muzidutsa mpweya. Kunja kwenikweni anakolekako mapanelo onyezimira otchedwa Reynobond PE, opangidwa ndi kampani ya Arconic.

Mukaligwira panelo limeneli mungati ndi lata wamba. Kukhuthala kwake ndi mamilimita 4 okha. Koma ndi timalata tiwiri ta aluminiyamu, kalikonse theka la milimita, ndipo pakati pake pali mamilimita atatu a pulasitiki yotchedwa polyethylene. Zilembo zija PE zikuimira pulasitiki imeneyi.

Inuyo polyethylene mumaidziwa bwino, kungoti simuitchula dzina limenelo. Ndi pulasitiki ya majumbo. Aliyense amene anakolezapo mbaula ndi jumbo akudziwa khalidwe lake: imagwira moto msanga, imasungunuka, n'kumadontha timadontho toyaka timene timayatsa paliponse pamene tagwera, ndipo kakakugwera pachala sikachoka. Tsopano ganizirani nyumba yotalika mamita 67 itakutidwa ndi zimenezo mbali zonse zinayi.

Ndiye pali mpata wa mpweya uja. Mpata wopapatiza woimirira umakoka mpweya kuchokera pansi ngati chumuni, ndipo lawi la moto likalowamo limatalika n'kumathamangira kumwamba. Aluminiyamu ikatentha imapindika, pa madigiri 660 imasungunuka, pulasitiki n'kukhala pambalambanda. Madzi a ozimitsa moto nawo ankangomenya kunja kwa mapanelo, amene anapangidwa dala kuti asalowetse mvula.

Nanga moto unatuluka bwanji m'khitchini? Pokonza paja, mawindo atsopano anawasunthira kunja kuti alingane ndi cladding, ndipo mipata yotsala m'mbali anaitseka ndi zinthu zoyaka, n'kuphimba ndi pulasitiki ina imene imafewa ikangomva kutentha. Pamenepo ndi pamene panali chibowo. Moto unatulukira pamenepo pansanjika yachinayi, ndipo pokwera unkalowanso pamawindo omwewo, nsanjika ndi nsanjika, khitchini ndi khitchini.

Pamwamba pa nyumbayo anaikapo chokongoletsa chonga chisoti, chopangidwa ndi mapanelo omwewo. Chinalibe ntchito ina iliyonse koma kukongola. Moto utafika pamenepo unayenda chopingasa kuzungulira denga, pulasitiki yoyaka ikudonthera pansi n'kumayatsa mbali zina kuchokera kumwamba kutsika. Itangodutsa 4 koloko m'mawa, mbali zonse zinayi zinali lawilawi.

(Chithunzi: wotchi ikuyenda kuchoka pa 1:00 kufika pa 3:00)

Tilowe mkati tsopano, chifukwa ambiri amene anafa sanaphedwe ndi malawi. Unawapha ndi utsi.

Usiku umenewo munali anthu 297. Unali mwezi wa Ramadan, ndipo Asilamu ambiri anali maso, ena atangochokera kumapemphero, ena akudikira daku. Iwowa ndi ena mwa amene anayamba kuona zachilendo n'kumamenya zitseko za anzawo. Pofika 1:50, anthu 168 anali atatuluka. Ambiri mwa iwo sanadikire kuuzidwa.

Amene anaimba 999 ankauzidwa kuti akhale m'nyumba, thandizo likubwera. Olandira mafoni anali kutali, m'chipinda chimene sankaiona nyumbayo, ndipo ankangotsatira zimene anaphunzitsidwa. Tangoganizani mayi ali pansanjika ya 20 ndi ana, akuona moto pawindo, koma mawu a pafoni akumuuza modekha kuti moto uli pansanjika yachinayi. Amvere ndani, maso ake kapena a boma?

Lamulo la stay put linachotsedwa pa 2:47. Kafukufuku anapeza kuti linayenera kuchotsedwa pakati pa 1:30 ndi 1:50, masitepe akadali odutsika, ndipo kuti zikanatero anthu ambiri akanapulumuka. Pomafika 2:47 masitepe aja, otambalala mita imodzi yokha ndi pang'ono, anali mdima wa utsi wakuda woti sungaone dzanja lako. Ena potuluka anakumana ndi utsi n'kuthawira kumwamba m'malo motsika. N'chifukwa chake mitembo yambiri inapezeka pansanjika yapamwamba kwambiri, mabanja atasonkhana m'nyumba za aneba.

Apa pali kanthu kakang'ono kamene sikatchulidwa kawirikawiri. Chitseko cha nyumba iliyonse chinkayenera kukhala ndi kachipangizo kochikoka kuti chizidzitseka chokha. Pazitseko zambiri kachipangizoka kanali kowonongeka kapena kanachotsedwa osabwezeretsedwa. Munthu akathawa, chitseko chinkatsala pululu, utsi wonse n'kukhuthukira m'khonde, kuchoka m'khonde kulowa m'masitepe. Abale athu amene mukukhala m'mafulati ku London, Manchester kapena Johannesburg, chitseko cholemera chija chimene chimakutopetsani mukanyamula katundu, mpaka mumachiikira mpando kuti chisatseke, ntchito yake ndi imeneyi.

Zina zinangowonjezera. Makina okoka utsi m'makonde sanathandize. Ozimitsa moto analephera kulamulira zikepe, choncho ankakwera wapansi atasenza masilinda a mpweya m'masitepe omwewo amene anthu ankatsikira. Panalibe dongosolo lililonse lotulutsira anthu olumala, ndipo 15 mwa anthu 37 olumala okhala m'nyumbayo anamwalira. Ozimitsa moto oposa 200 analimbana nawo usiku wonse, ena akubwereranso mkati kangapo. Munthu womaliza kutuluka wamoyo anatuluka pa 8:07 m'mawa.

(Chithunzi: mabuku a lipoti la kafukufuku ali patebulo)

Mbali imene imandiwawa ine ndi iyi. Palibe chinali chachilendo pa zonsezi.

Kafukufuku amene anatsogolera ndi jaji wopuma Sir Martin Moore-Bick anatulutsa lipoti loyamba mu October 2019, lomaliza pa 4 September 2024. Ananena mosapita m'mbali kuti imfa zonse 72 zinali zopeweka, ndipo kuti makampani opanga zipangizozi anachita chinyengo mwadala komanso kwa nthawi yaitali.

Arconic inali ndi zotsatira za mayeso kuyambira 2005 zosonyeza kuti mapanelo ake akawapinda ngati timabokosi tokoleka, mmene anachitira pa Grenfell, amayaka moopsa kwambiri. Inabisa, n'kumagulitsabe. Celotex itaona kuti thovu lake lalephera mayeso, mu 2014 inabwereza mayesowo itabisamo matabwa osayaka kuti lipambane, kenako n'kumalitsatsa ngati loyenera nyumba zazitali. Kingspan inkagulitsa katundu wake podalira mayeso a mtundu wakale umene sinkapanganso. Ojambula mapulani a Studio E, kontrakitala wamkulu Rydon, ndi a Harley amene anakoleka cladding, aliyense ankaganiza kuti za moto akuziona ndi mnzake. Woyendera nyumba wa khonsolo anavomereza.

Pulani yoyamba inali yogwiritsa ntchito mapanelo a zinc. Anawasintha pofuna kuchepetsa mtengo, ndipo anapulumutsa mapaundi pafupifupi 293,000, pantchito ya mapaundi mamiliyoni angapo.

Boma nalo linali litachenjezedwa. Mu 2009 moto wa ku Lakanal House, mu London momwemo, unapha anthu asanu ndi mmodzi, ena mwa iwo atauzidwa pafoni kuti akhale m'nyumba. Wofufuza imfazo analembera boma mu 2013 kuti liunikenso malamulo omangira. Zaka zinayi zinadutsa, nduna zikusinthana, boma lili kalikiliki ndi kampeni yochepetsa malamulo amene linkati akuvutitsa a bizinesi. Ku Melbourne mu 2014 ndi ku Dubai mu 2015 nyumba zazitali zokutidwa ndi mapanelo a mtundu womwewu zinayaka dziko lonse likuonera pa TV.

Ndipo eniake okhalamo analankhula. Gulu lawo, Grenfell Action Group, linadandaula kwa zaka zambiri za magetsi, za zitseko, za njira yothawira. Mu November 2016, miyezi isanu ndi iwiri moto usanabuke, linalemba poyera kuti bungwe loyang'anira nyumbayo, Kensington and Chelsea TMO, lidzangomva pokhapokha patachitika ngozi yaikulu yopha anthu. Ankawaona ngati anthu ovuta, osayamika.

Kwa ife nkhani yotere si yakutali. Pa 31 August 2023 nyumba ya Usindiso ku Marshalltown, Johannesburg, inapsa n'kupha anthu 76, pakati pawo Amalawi. Kumeneko kunalibe cladding. Kunali zipinda zogawidwa ndi matabwa, mageti okhoma ndi njira zothawira zotsekedwa. Koma nyumbayo inalinso ya khonsolo ya mzinda, ndipo komishoni ya Jaji Sisi Khampepe inapeza kuti akuluakulu a mzindawo ankadziwa kwa zaka mmene inalili.

(Chithunzi: nyumba yokutidwa ndi chinsalu choyera, pamwamba pali mtima wobiriwira)

Ku England zina zasintha. Kuyambira December 2018 zipangizo zoyaka n'zoletsedwa pamakoma akunja a nyumba zatsopano zogonamo zotalika kuposa mamita 18. Mu 2022 kunabwera lamulo la Building Safety Act, ndipo pambuyo pake boma linalengeza kuti nyumba zatsopano zazitali zizidzakhala ndi masitepe awiri. Koma atayendera nyumba zina m'dzikomo anapeza zambirimbiri zili ndi cladding yoopsa, ndipo ntchito yochotsa ikuyenda pang'onopang'ono, anthu akugonabe momwemo, ena akulephera ngakhale kugulitsa nyumba zawo.

Tsiku limene lipoti lomaliza linatuluka, nduna yaikulu Keir Starmer anapepesa m'nyumba ya malamulo m'malo mwa boma la Britain. Mu February 2025 boma linalengeza kuti Grenfell Tower igwetsedwa pang'onopang'ono, kuyambira pamwamba. Mabanja ena anavomereza. Ena anakana, chifukwa kwa iwo mmenemo ndi mmene muli phulusa la abale awo, ndipo sankafuna kuti ichoke wina asanaime pakhoti.

Mu May 2024 apolisi a Metropolitan, a mumzinda wa London, ananena kuti akufufuza anthu 58 ndi makampani komanso mabungwe 19, pamilandu monga kupha anthu chifukwa chosasamala ndi chinyengo. Ananenanso kuti chiganizo choti ndani aimbidwe mlandu sichingatuluke kusanafike kumapeto kwa 2026. Pa nthawi imene ankalankhula zimenezi, zaka zisanu ndi ziwiri zinali zitatsala pang'ono kukwana, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe mwa opanga, ogulitsa kapena ovomereza mapanelo aja amene anali ataimbidwa mlandu.