Magiya 22 Sangakuthamangitseni: Kusintha Magiya pa Njinga ya Handulo Yopindikira Pansi

Mwagula njinga ya handulo yopindikira pansi, mwasakasaka posinthira magiya, simukupaona. Musadandaule, pabisala mu buleki momwemo. Kampani ya Shimano ndiyo idabwera ndi nzeru imeneyi mu 1990. Dinani subscribe kaye, tipite.

Choyamba, dzanja lamanja ndi la magiya akumbuyo. Kankhirani chogwirira buleki chonse mkati, tcheni chikwera pa mano ambiri, kupalasa kupepuka. Kachogwirira kakang'ono kali kuseriko kamalimbitsa. Chachiwiri, lamanzere ndi la kutsogolo, ndipo limachita mosemphana: chachikulu chimalimbitsa. Amene muli ndi magiya a kampani ya SRAM, kachogwirira kanu kosinthira ndi kamodzi. Ku dzanja lamanja, kukankha pang'ono kumalimbitsa, kukankha mpaka mkati kumapepuza; kumanzere ndi mosemphana. Chachitatu, sinthani mukupalasa, koma phazi lipepuke. Mukamva kuti gwa! pa mtunda, mwachedwa, munayenera kusintha musanayambe kukwera.

Tsopano nkhani imene imanditopetsa. Sabata iliyonse wina amalemba kuti, “Akulu, yanga ndi ya magiya 16, ndikufuna ya 22 kuti ndizithamanga.” Ayi! Bodza limeneli life lero.

Taonani apa, kamera iyandikire. Kutsogolo mano 50, kumbuyo kakang'ono kwambiri mano 11. Mukapalasa kamodzi, tayala lizungulira kanayi ndi theka, pafupifupi mamita 9 ndi theka pa tayala la saizi ya 700c. Njinga ya magiya a Shimano otchedwa Claris, 8 kumbuyo ndi awiri kutsogolo (ndiye 16 ija), ili ndi 50 ndi 11. Ya magiya a Shimano otchedwa 105, 11 kumbuyo ndi awiri kutsogolo (ndiye 22 ija), nayonso 50 ndi 11. Ndiye liwiro lowonjezeralo lichokera kuti? Giya yolimba kwambiri ndi yomweyo. Chimene mwagula ndi masitepe oyandikana pakatipo, kuti miyendo isadzidzimuke mukasintha. Nzabwino, ine ndimazikonda, koma si injini.

Komanso 22 imeneyo ndi ya pa pepala. Ikani tcheni pa 50 kutsogolo ndi 25 kumbuyo, tayala lizungulira kawiri. Ikani pa 34, chaching'ono cha kutsogolo, ndi 17 kumbuyo, kawirinso. Giya imodzi, mwaiwerenga kawiri. Ndiye pali ina yoti musaikhalitse, monga chachikulu kutsogolo ndi chachikulu kumbuyo. Tcheni chimapendama, chimakhula, mumva kuti tswee tswee, chikudyeka. Chotsani zonsezo muone otsalawo. Ofuna kutsutsa, lembani pansipo, ndimawerenga zonse.

Ndipo inu amene mumakakamira giya yolimba, kupalasa ngati mukuponda matope, maondo adzakufunsani. Miyendo izizungulira ka 80 kapena 90 pa mphindi.

Chachinayi, kapena chachisanu, ndasokoneza kuwerenga, zomangirira pa handulo. Tepi yambani kukulunga kunsonga kwa pansi kukwera m'mwamba, ndipo musaiwale zotsekera kunsongako. Chitsulo chotseguka chimaboola ntchafu mukagwa. Vidiyo ya tepi ndinapanga kale, ili pamwambapa. Nyali ndi choikira foni, onani kunenepa kwa handulo musanagule. Zambiri za masiku ano ndi mamilimita 31.8 pakati. Ngati ndi ya carbon, musamange mabawuti ndi ukali, nambala yake imalembedwa pomwepo, kawirikawiri 5 Nm, muyeso wa mphamvu yomangira bawuti.

Koma chikwama cha pa handulo, samalani. Ine ndinamangirira chotambalala, nditafika pa mtunda ndikankhe chogwirira, chagunda chikwama, giya yakana. Ndinatsika nkumakankha njinga. Mukamangirira chanu, kankhani zogwirira zonse ziwiri mpaka kumapeto musananyamuke. Sabata yamawa tikonza derailleur, kachipangizo kosuntha tcheni, yodumpha magiya, dinani kabeluko.