Voti tili nayo kale kuno ku UK, nanga ku sukulu kwa anawa tikupondako?

Zikomo a tcheya, zikomo amayi ndi abambo. Ndikuona ena mwafika ndi yunifolomu yomwe, mwachokera ku shifiti ya usiku, ndiye sinditalikitsa, ngakhale mukutidziwa aphunzitsife tikagwira maiki.

Pa 4 July 2024 kuno kunali chisankho cha aphungu. Amene munavota takwezani manja tione... atatu, anayi ndi achimwene kumbuyoko. Holo yonseyi! Enanu mukuti ife ndife alendo, zimenezo n'za eni dziko. Ayi ndithu. Malawi ali mu Commonwealth, ndipo lamulo la kuno limati munthu wa dziko la Commonwealth amene ali ndi chilolezo chokhala muno, kaya ndi viza ya care, ya ntchito yosamalira okalamba ndi odwala ija, kaya ya sukulu, kaya munakhazikika kale, bola zaka 18 zakwana ndipo mwalembetsa, mumavota, za khansala, za MP, zonse. Anzathu a ku Zambia chimodzimodzi, a ku Mozambique nawonso paja analowa mu 1995, ngakhale a ku Zimbabwe amene dziko lawo linatuluka mu 2003 lamulo la kuno limawawerengerabe. Pomwe mnzanu wa ku Poland uja mumasinthana naye shifiti, zaka 15 ali kuno, ngati sanatenge unzika wa kuno, za MP savota. Inu mwabwera dzana mumavota. Koma ngati mapepala anu sanalongosoke musayerekeze kulembetsa, umenewo ndi mlandu, chonde.

Alipo amene amadandaula kuti mlendo asamasankhe nawo atsogoleri. Ine maganizo anga ndi akuti munthu amene akudulidwa msonkho pa malipiro ake mwezi ndi mwezi, mwana wake ali m'kalasi mwanga, alankhulepo basi. Ndipo si zachilendo, malamulo athu a ku Malawi omwe amalola munthu wobwera kuvota akakhala m'dziko zaka 7. Timakonda kunena kuti mlendo ndi mame, koma mame ake ati, ena tatha zaka 20 kuno, ana akuyankha Chichewa ndi Chingerezi cha ku Yorkshire.

Nanga votiyi ikukhudzana bwanji ndi sukulu? Ine ndaona kusintha kwa maphunziro kawiri ndi maso angawa. Mu 1994 a Muluzi atachotsa fizi ku pulayimale, ana anachoka pa 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni chaka chimodzi chokha. Chinali chinthu chabwino zedi, mwana wa mphawi analowa m'kalasi, koma makalasi ake kunalibe, mabuku kunalibe, boma linangotenga achinyamata zikwizikwi kuwaphunzitsa masabata ochepa n'kuwapatsa choko, ine ndinali mmodzi mwa iwo, ndinapatsidwa Sitandade 1 pansi pa mtengo wa mango ana oposa 100, mvula ikangoyamba sukulu yatha. Ndiye ndabwera kuno ndapeza zawonso. Mu 2010 nduna ya maphunziro Michael Gove anatsegulira masukulu kuti atuluke m'manja mwa khonsolo akhale ma academy, ndalama azilandira kuchokera ku boma, aziyendetsedwa ndi mabungwe oima paokha otchedwa ma trust, pano masekondale ambiri ndi otero. Mu 2012 kunabwera mayeso a phonics, owerenga mawu polumikiza maliwu a zilembo, a ana a Year 1, a zaka 5 kapena 6, mawu 40, theka lake mawu opeka opanda tanthauzo, pambali pake kachithunzi ka kachilombo, mwana akhoze 32. Oyendera masukulu, a Ofsted, ankagamula sukulu yonse ndi liwu limodzi kapena awiri, mpaka mu 2024 boma latsopano linathetsa zimenezo, ndipo panali patachitika zomvetsa chisoni, ahedi ena ku Reading anadzipha atayenderedwa. Zonsezi amapanga ndi anthu ovoteredwa. Inu muli ku shifiti.

Koma ndikuuzeni, boma lisinthe sukulu dzina kangati, chimene chimamuthandiza mwana chili m'kalasi. Tonse tinakulira mphunzitsi wofunsa kuti mwamva ana inu? Kalasi yonse eeeee madamu! Amva ndani? Asanu akutsogolo aja. Ine pansi pa mango paja ndinkaganiza kuti ndikuphunzitsa bwino kwambiri poti ana ankaimba a e i o u, ba be bi bo bu mpaka kumveka kumsika. Tsiku lina mayi wina wachikulire amene anaphunzitsa zaka zambiri anandiuza kuti mwanawe, auze alembe pansi. Aliyense asalaze dothi patsogolo pake, alembe ba ndi chala, iwe uziyenda uziona. Ndinayenda. Theka la kalasi linajambula timizere basi, kamtsikana kena kanalemba b moyang'ana kumbuyo, kamnyamata kena kanangofutika dzanja pa dothi kuti ndisaone. Ndinachita manyazi.

Ndiye nditalowa m'kalasi kuno ndikupeza mwana aliyense ali ndi kabolodi koyera ndi cholembera, ukafunsa funso onse alemba n'kukweza m'mwamba, ndinaseka ndekha, ndinati si dothi lija ili? Ana 30 m'malo mwa 100, koma nzeru yake yomweyo. Mphunzitsi wabwino sakhulupirira eeee, amafuna aone, ndipo akaona kuti mwana wasochera amabwerera osamuchititsa manyazi. Mukapita ku parents' evening, tsiku lokumana makolo ndi aphunzitsi lija, musamangofunsa kuti akuchita bwino? Adzakuuzani kuti ndi mwana waulemu, wachete, inu n'kubwerako mukusangalala, chonsecho mwana wacheteyo ndi uja wofutika dzanja pa dothi. Funsani kuti akuwerenga buku lotani, chikumuvuta n'chiyani, ndione kope lake.

Pali voti inanso yaing'ono imene anthu sitiidziwa. Sukulu imakhala ndi ma governor, ngati sukulu komiti kwathu kuja, ndipo m'masukulu a khonsolo mipando iwiri kapena kuposa ndi ya makolo, osankhidwa ndi makolo anzawo. Apa sipafunika unzika. Ndi amene amaona za bajeti, amasankha ahedi, amaunika nkhani mwana akachotsedwa sukulu. Kalata yake imabwera pa imelo kapena m'chikwama cha mwana, pansi pa nthochi yophwanyika ija, nthawi zina palibe ndi mmodzi yemwe woimira. Mayi inu munali msungichuma wa Mvano zaka 10, mukuopa chiyani?

Atsikana aja ali ndi malaputopu pa tebulo la pakhomo, kulembetsa ndi pa gov.uk, mphindi 5, mukhale ndi National Insurance number yanu. Tsiku lovota musaiwale chiphaso, kuyambira 2023 amafuna chokhala ndi chithunzi, pasipoti yathu ya Malawi imaloledwa. Mafunso tifunsane tikumwa tiyi, mandasi akuzizira uko.