Kapepala koyezera shuga kalinso ndi chimera chake

Zikomo a Gulupu, zikomo amayi ndi abambo nonse. Inu muli kumbuyoko senderani kuno kumthunzi, chifukwa chimene ndanyamulachi n'chaching'ono.

Mwakaona? Aka ndi kapepala kamene timalowetsa m'makina oyezera shuga. Timakubayani chala, kadontho ka magazi n'kugwera kunsongaku, nambala n'kutuluka. Agogo ena anandifunsa kuti, "Mwanangu, makinawa amalawa magazi?" Funso labwino kwambiri limenelo.

Amayi ophika thobwa, mumadziwa zimene chimera chimachita: phala lolimba lija limasungunuka n'kuyamba kutsekemera. Zimene zimagwira ntchito m'chimeramo akatswiri amazitcha ma enzyme. Kunsonga kwa kapepalaka anapakako enzyme yakeyake, glucose oxidase, yochokera ku mtundu wina wa nkhungu. Ikakumana ndi shuga imamusintha, ndipo pamatuluka hydrogen peroxide, mankhwala omwe aja amachita thovu akathiridwa pabala. Shuga akachuluka, peroxide nayenso amachuluka. Peroxideyo akafika pa kachitsulo kali m'katimu amatulutsa timagetsi tochepa zedi, makina n'kuwerenga timagetsito. Mapepala ena amakono amadzera njira ina pang'ono, koma nzeru yoika enzyme pa kachitsulo anaiyambitsa Leland Clark ndi Champ Lyons ku America mu 1962.

Lero ofufuza akumapaka pa kachitsuloko tizidutswa ta golide, kapena timachubu ta kaboni, tating'ono moti tambirimbiri titha kundandalikana m'kunenepa kwa tsitsi limodzi. Chifukwa chake? Taganizani mchere wa mibulu ndi wosinja. Wosinja umakolera msanga m'ndiwo chifukwa paliponse wakhudza msuzi. Golide wosinjika chonchoyo amagwira enzyme yambiri, magetsi amayenda mosavuta, ndiye ngakhale peroxide akhale wochepetsetsa, makina amamuona.

Tsono chimene chimandidetsa nkhawa ine ndi kutentha kwathu kuno ku Salima. Enzyme imawonongeka ndi dzuwa komanso chinyezi, monga chimera chikanyowa. Ndaonapo botolo la mapepalawa lili pawindo mwezi wa Okutobala, chivundikiro chili pambali. Nambala yotuluka pamenepo ikhoza kukunamizani, munthu n'kumwa mankhwala molakwika. Mukatulutsa kamodzi tsekani botolo nthawi yomweyo, liikeni pozizira m'nyumba, ndipo muziyang'ana tsiku lothera ntchito. Komanso nyengo ya mango ino, sambani m'manja ndi sopo, muume, kenako mubaye chala, chifukwa makina adzawerenga ndi shuga wa mango yemwe watsalira pakhungu.

Amayi apo akweza dzanja, funsani.