Makalata a omvera: dzenje la sayileji lawola ku Chongwe

Thumba la makalata sabata ino ladzaza ndi nkhani ya chakudya cha ng'ombe, ndipo ndiyamba ndi kalata imene yandigwira mtima, yochokera kwa bambo wina wa ku Chongwe amene ali ndi ng'ombe zitatu za mkaka. Iwo akuti mu Malichi anadula theka la munda wa chimanga, nakumba dzenje, ndipo popeza analibe owathandiza ankathiramo pang'onopang'ono kwa sabata yathunthu. Atatsegula mu Ogasiti anapeza zakuda ndi zonunkha, moti ng'ombe zinangonunkhiza n'kutembenuka, ndipo mayi a kunyumba, amene anakana kuyambira pachiyambi kuti ng'ombe zidye dowe ana akuyang'ana, mpaka lero sakuwalankhula bwino.

Pepani kwambiri, bambo, koma chimene chinakuwonongerani ndi mpweya. Sayileji ndi chakudya chosasa, monga mmene munkoyo umasasira: tizilombo tosaoneka ndi maso timadya shuga wa m'chimanga n'kupanga asidi amene amaletsa kuwola, ndipo timagwira bwino ntchito pamalo popanda mpweya. Sabata imene dzenje linali kukamwa yasa, nkhungu inali italowa kale. Ulendo wotsatira muitane anzanu kuti mudzaze tsiku limodzi kapena awiri. Mudule chimanga pamene njere zayamba kulimba koma zikudindika ndi chikhadabo, muchiwaze tizidutswa ta masentimita awiri, ndipo mufinye pang'ono m'dzanja: likanyowa popanda madzi kudontha, chafika. Mukathira pang'ono, pondani kapena gubuduzani dilamu lodzaza madzi, makamaka m'mbali, kenaka muphimbe ndi pulasitiki yosabooka n'kukwirira ndi dothi, pamwamba pakhale potumbika kuti mvula isaime. Pasanathe masiku 21 musasuzumiremo ngati mwana pa mphika wa nyama. Sayileji yopsa bwino imakhala yobiriwira mopita ku chikasu ndipo imanunkhira mowawasa. Za mayi a kunyumbazo, ine ndili kumbali yawo pang'ono. Muwalonjeze kuti munda wa ng'ombe udzakhala wapadera, ndipo mkaka woyamba ndi wawo.

Mayi a ku Kafue afunsa ngati nsenjere ingalowe m'dzenje. Inde, amayi, koma muifotetse kaye padzuwa ndipo muwazemo molasesi (manyuchi akuda otsala popanga shuga) wosungunula m'madzi, chifukwa shuga wa nsenjere ndi wochepa. Wachinyamata wa ku Chilanga amene alibe malo okumba agwiritse ntchito dilamu kapena thumba lolimba la pulasitiki, alimange zolimba, ndipo makoswe awatchere.

Tsono pali makalata asanu onena chinthu chimodzi, kuti ng'ombe zaonda, mkaka wachepa, gaga wakwera mtengo, tichite bwanji. Onsewa alembedwa mu Okutobala, udzu utauma ndiponso utapsa ndi moto wolusa. Abale anga, mundilole ndikudzudzuleni pang'ono. Chilala chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti ndi tsoka la dziko pa 29 Febuluwale 2024 tonse tinachiona, ndipo tinaona mmene ziweto zinasowera msipu, komabe chaka ndi chaka timakumbukira chakudya cha ng'ombe nthiti zikayamba kuwerengeka. Mapesi ouma a mu Okutobala sangasanduke sayileji ngakhale mutawapondereza ndi thirakitala, popeza madzi ndi shuga zinatha kale. Dzenje limaganiziridwa pobzala, mvula yoyamba ikagwa.

Agogo a ku Makeni akudandaula kuti mkaka ukumveka fungo la sayileji. Muzipatsa ng'ombe sayileji mukatha kukama, agogo, ndipo zitini za mkaka zikhale kutali ndi dzenje. Potapa, tsegulani mbali imodzi yokha, tengani ya tsiku limenelo, bwezerani pulasitiki, ndipo ya nkhungu muitaye kutali ndi khola, chifukwa ikhoza kudwalitsa ng'ombe kapena kuchotsa bere.