Makalata a Omvera: Chipinda cha Pansi pa Nyumba ndi Alendo a Masiku Ochepa

Kalata yoyamba lero yachokera kwa mayi wina, namwino wochokera ku Zomba, amene akukhala ku Lewisham mu mzinda wa London. Iwo alemba motere:

"Ine ndi amuna anga tinagula nyumba pangongole ya kubanki, ndipo pansi pake pali chipinda chachikulu chomwe chili ndi bafa komanso khomo lake lakunja. Pakali pano timangosungiramo masutikesi ndi njinga za ana. Ndikufuna kuikamo bedi ndi sitovu kuti ndizilandira alendo a masiku awiri kapena atatu kudzera pa Airbnb, kampani ya pa intaneti yolumikiza alendo ndi eni nyumba, ndalamazo zizithandiza kubweza ngongole ndi kulipirira ana a mchemwali wanga sukulu kumudzi. Kodi ndiyambire pati?"

Zikomo mayi chifukwa cha kalata yanu. Musayambire kusitolo ya mabedi ayi, yambirani pa khomo lakunja lomwe mwatchulalo, chifukwa khomo limenelo, pamodzi ndi sitovu yomwe mukufuna kuikamo, ndi zimene zingasinthe mmene boma likuonera chipindacho. Ku Britain kuli ndondomeko yotchedwa Rent a Room, imene imalola munthu kulandira mapaundi 7,500 pachaka osadulidwa msonkho ngati akubwereketsa chipinda chokhala ndi mipando m'nyumba yomwe iye mwini akugonamo, ndipo mukamagawana ndalamazo ndi bambo a kunyumba, aliyense malire ake ndi mapaundi 3,750. Koma mwayi umenewu sukhudza nyumba imene yagawidwa n'kukhala ndi fulati yoima payokha. Choncho mukatseka masitepe a mkati, n'kupatsa chipindacho khitchini yakeyake, mwina mwadzichotsa nokha pa ndondomekoyi. Dziwaninso kuti kuyambira mu 2024, makampani onga Airbnb amapereka ku HMRC, bungwe lotolera misonkho kumeneko, mbiri ya ndalama zimene eni nyumba akulandira.

Lamulo lina ndi la mu London momwemo. Kuchokera mu 2015, munthu angathe kubwereketsa malo okhalamo kwa alendo a masiku ochepa kwa mausiku osapitirira 90 pachaka popanda chilolezo cha khonsolo, ndipo malo olembedwa kuti mlendo akhala yekha, Airbnb imatseka yokha kalendala yake mausikuwo akakwana. Werengerani phindu lanu pa miyezi itatu imeneyo, osati pa chaka chonse, kenaka muchotsepo zolipira kampaniyo, magetsi, gasi ndi kuchapa zofunda, komanso mudzifunse kuti adzasintha mashiti ndani pamene inu mwaweruka ntchito ya usiku. Banki imene inakukongozani ndalama ndi kampani ya inshuwaransi muzidziwitse musanalandire mlendo woyamba, pakuti inshuwaransi wamba ya nyumba kawirikawiri siikhudza alendo olipira.

Chimene chikundidetsa nkhawa kuposa msonkho ndi moyo wa munthu amene adzagone pansipo. Madzulo ano tsikirani m'chipindamo, muzimitse magetsi, muyerekeze kuti ndinu mlendo amene wafika dzulo ndipo utsi wadzaza pa masitepe. Kodi khomo lakunjalo likutseguka kuchokera mkati popanda kufufuza kiyi mumdima? Kodi zenera lake munthu wamkulu angatulukirepo, kapena ndi kaja kakang'ono kokhala ndi zitsulo? Pafunika alamu ya utsi, ndiponso alamu ya mpweya wa carbon monoxide, umene sununkha koma umapha munthu ali m'tulo, makamaka ngati boila yotenthetsa madzi ndi zipinda za nyumba yonse ili pansi pomwepo. Zipangizo za gasi aziyeze chaka chilichonse mmisiri wolembetsedwa ku Gas Safe. Kenaka sunthani masutikesi aja, mugwire khoma kumbuyo kwake ndi dzanja. Likakhala lozizira ndi chinyontho, kapena mukaona chuku chakuda m'ngodya, penti yokha siithetsa vutolo, ndipo mlendo adzalemba za fungolo pa intaneti tsiku lomwe wachoka. Afunseninso aneba ngati madzi analowa m'zipinda zawo za pansi pa mvula yamphamvu ya mu Julaye 2021, imene inasefukira m'nyumba zambiri za mu London.

Kalata yachiwiri ndi yaifupi, yochokera kwa bambo wina wa ku Area 47 ku Lilongwe, amene akufunsa ngati angachite zomwezi ndi boyizi kota yawo. N'zotheka bambo, ndipo inu mulibe vuto la kukhala pansi pa nthaka. Pitani kaye ku ofesi yoona za zokopa alendo mukafunse za chiphaso cha malo ogona, ndipo ndalama za lendi muziziulula ku MRA. Mlendo wanu adzafunsa zinthu zitatu asanafunse mtengo: thanki ya madzi, sola kapena jenereta magetsi akazima, ndi mlonda pageti usiku.